Mthuthuthu Umene Unakana Kutuluka Pakhomo

Fungo la tayala lopsa silinandichokebe m'mphuno mpaka lero. Anthu ena akalimva amatseka mawindo n'kumatukwana amene wayatsa motowo, koma ine ndimayamba ndaima kaye. Maganizo amathamangira kwathu kwa Kuntaja, kuseri kwa khola la mbuzi, kumene bambo anga ankaotcha matayala akale kuti apeze mawaya a m'kati mwake. Utsi unkakwera wakuda bii, ndege zokatera ku Chileka n'kumadutsa pamwamba pake motsika kwambiri mpaka nkhuku kubalalika. Chinali chilimwe cha chaka chimene sukulu zapulaimale zinayamba kukhala zaulere, ndipo ine Tiyamike ndinali mu Sitandade 3, tikuphunzirira pansi pa mtengo chifukwa m'kalasi munalibe poponda.

Bambo anga anali mkamwini. Kwawo kunali ku Lirangwe, ndipo kwa Kuntaja anadzakhala chifukwa chokwatira amayi, monga mwa mwambo wathu woti mwamuna amatsata mkazi. Kale ankagwira ntchito pagalaja ina kufupi ndi bwalo la ndege, koma galajayo inatsekedwa, iwo n'kutsala ndi manja aluso opanda poti awagwiritse. Khasu ankaligwira ngati lobwereka. Chimene ankachidziwa chinali kupinda mawaya, ndipo ana onse a m'mudzi ankayendetsa timagalimoto topangidwa ndi iwo. Amalume anga a Bonifasi, amene anali mwini mbumba, sankaona chosekera pamenepo. Ankati mlongo wawo anakwatiwa ndi mwana wamkulu wa ndevu.

Ukwati wa makolo anga unatha m'chilimwe chimenecho, mopanda ndewu kapena phokoso. Ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango, n'kugwirizana kuti bambo abwerere kwawo. Mkamwini amabwera ndi bulangete, amachokanso ndi bulangete, ndipo nyumba, munda ndi ana zimatsala kuchikazi. Bambo sanatsutse chilichonse, anangopempha chinthu chimodzi.

"Ndinamulonjeza mwanayu mthuthuthu," anatero. "Ukatuluka pakhomo, iye n'kuukwera, inenso ndinyamuka."

Amalume anaseka n'kuvomera, poganiza kuti kachidole ka mawaya sikangadye sabata. Zonsezi ndinazimva nditakula. Panthawiyo ine anangondiuza kuti bambo akamaliza njinga yanga apita ku Lirangwe kukaona agogo, ndipo ndinaona kuti palibe chachilendo, popeza ankapitako kawirikawiri n'kubwerako ndi nzimbe.

Sikanali kachidole ayi. Bambo anali ndi chithunzi chong'ambidwa pakalendala ya golosale ina ya ku Lirangwe, chosonyeza njinga yamoto yampikisano, yofiira psuu, yokhala ndi chishango kutsogolo ndiponso matayala onenepa. Anachikhomera pakhoma la pabalaza ndi minga, n'kunena kuti apanga yomweyo, yaikulu ngati mbuzi yaikazi, yoti ine ndizikhalapo miyendo ili lendelende. Anati apangira m'nyumba chifukwa panja fumbi la Ogasiti lingaononge penti. Mipando iwiri imene tinali nayo anaikankhira kukhoma, ndipo pabalaza pathu panasanduka galaja.

Kayezedwe kawo ndimakakumbukira bwino kuposa masamu a kusukulu. Ankatenga kamtengo ka machesi n'kuyeza chiwalo chilichonse pachithunzi, kenako kamtengo kalikonse n'kukasandutsa chikhatho chawo chotambasula pa ulusi wa thumba la feteleza. Ulusiwo ankaumanga mfundo, n'kuupachika pamsomali. Panali ulusi wa thanki, ulusi wa chishalo, ulusi wa sipoko iliyonse. Waya sankaudula asanauyeze kawiri, ndipo akamayeza ankatulutsa kansonga ka lilime pambali pa mlomo. Ine ntchito yanga inali kupala mawaya opsa ndi mchenga mpaka awale, ndi kudula malegeni a chubu cha njinga omangira polumikiza. Manja anga ankakhala akuda mpaka m'zikhadabo, ndipo aphunzitsi anandibweza kangapo kuti ndikasambe. Anyamata ankandiseka kuti mtsikana wanji wosewera ndi mawaya, koma madzulo ndi iwo omwe ankadzaza pawindo pathu kusuzumira.

Loweruka tinkapita ku Lirangwe kukasaka zipangizo. Ndinkakhala pakaliyala ya njinga yawo yakapalasa, nditagwira malaya awo onunkha thukuta ndi girisi, tikudutsa minda youma imene anthu anali atayamba kusosa. Pamsika pankanunkha kanyenya ndi usipa, makondakitala a minibasi akukuwa za ku Blantyre, ndipo amayi ovala zitenje za zipani zosiyanasiyana ankagulitsa tomato moyandikana. Bambo ankalowa kwa okonza njinga n'kumatola zimene ena ataya. Tinapeza matayala a kanjinga ka mwana, masipuling'i a chishalo chakale, galasi la tochi loti likhale nyali, ndi kapaipi kopindika koti kakhale kotulukira utsi. Pobwerera tinkadzera kwa agogo, amayi awo a bambo. Iwo ankandiyang'ana nthawi yaitali akundisisita mutu, n'kumandiuza kuti ndisadzaiwale njira ya kwawo. Ine ndinkaseka, popeza njira yake inali yosasokoneza n'komwe.

Ntchito inkayenda ngati birimankhwe. Chigoba cha waya wampanda chinaima msanga, koma tayala lakutsogolo analiluka n'kulimasula, kuliluka n'kulimasulanso, ati likupendama. Ine ndinkalizunguza n'kuona kuti lili bwinobwino. Ndinkapsa mtima, ndinkawakoka dzanja, ndinkawauza kuti anzanga ayamba kunena kuti mthuthuthuwo sudzatha. Iwo ankangomwetulira n'kundiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina ndinawauza kuti afulumire, apite ku Lirangwe kwawoko akabwereko msanga. Anasiya kupinda waya, n'kundiyang'ana kanthawi, kenako anandituma kukatunga madzi ngakhale mtsuko unali wodzaza.

Amalume ankabwera pafupipafupi, n'kuima pakhomo manja ali kumbuyo. Sankalowa. Ankafunsa alamu awo ngati njingayo idzayendere petulo, n'kuwakumbutsa kuti zengerezu analinda kwawukwawu. Chakudya amayi ankawapatsa bambo monga mwa masiku onse, koma awiriwo ankayankhulana podzera mwa ine, wina kuti kawauze bambo ako madzi osamba atentha, wina kuti kawauze amayi ako zikomo. Posesa pabalaza amayi ankalambalala mawaya mosamala, osasuntha ngakhale kamodzi. M'mawa wina ndinawaona akutsuka chitini chachikulu cha mafuta ophikira, chimene ankasungiramo mchere. Anachipukuta, n'kuchiika pafupi ndi zipangizo za bambo, n'kutuluka. Chitini chimenecho ndicho chinakhala thanki.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake loswa mtengo. Nyenje zinkalira m'mitengo mpaka m'makutu kuwawa, mango anayamba kupsa, ndipo anthu anamaliza kupanga mizere. Mthuthuthu unali utavala thupi. Chishalo anachisoka ndi chikopa cha chikwama chakale, mkati ataikamo thonje. Chishango chakutsogolo anachipanga ndi malata a zitini osulidwa bwino, n'kuchimangirira kumahandulo. Penti wofiira anamupaka ndi nthenga ya nkhuku, ndipo fungo lake linalowa m'zovala, m'mabulangete, ngakhale mu ufa. Sindinaonepo chinthu chokongola chotero, ndipo ndinkachikonda ndi mtima wanga wonse. Ngakhale amalume tsiku lina anaiwala kunyoza, anangoyang'ana n'kupukusa mutu.

Mitambo itayamba kusonkhana chakumapiri, panalibenso choti n'kumasula. Amalume ananena kuti mvula isapeze nkhaniyi ili pomwepo. Choncho Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, ana a m'mudzi monse anadzaza pabwalo pathu, akuluakulu ena ataima chapatali ngati akungodutsa. Ine ndinali nditavalabe diresi langa lakutchalitchi. Bambo anatsegula chitseko, n'kugwira mthuthuthu, n'kuukankha pang'onopang'ono. Tayala lakutsogolo linatuluka, kenako panamveka kuti gwa. Mahandulo anali atagunda felemu mbali zonse ziwiri.

Anaubweza n'kuyesa kuupendeketsa, koma chishango chinakodwa. Anayesa kuutulutsa chafutambuyo, mahandulo anakananso. Anali otambalala kuposa khomo ndi zala zitatu zokha. Anyamata anayamba kuseka, wina n'kukuwa kuti njinga ya Tiya ndi yogona m'nyumba ngati mphaka. Ine manyazi anandigwira mpaka misozi, ndipo ndinawakwiyira bambo kwambiri chifukwa cholakwitsa pamaso pa anthu. Iwo anakanda mutu n'kunena kuti palibe kuchitira mwina, ayenera kumasula mbali yonse yakutsogolo ndi kuyambiranso, ndipo ntchito yotero singathe mvula isanagwe. Amalume anafiira maso. Anatuma mnyamata kuti akatenge hamala, ati azule felemu yonseyo.

Amayi anali atakhala pakhonde akusola nandolo m'lichero. Sanadzuke, ndipo mawu awo sanakwere, koma aliyense anawamva.

"Bambo a Tiya, mawaya amapindika."

Aka kanali koyamba m'chilimwe chonsecho kuwamva akuyankhula ndi bambo osadzera mwa ine. Bambo anawayang'ana, amayi maso ali mulichero, zala zitasiya kusola. Kenako bambo anagwada, n'kugwira handulo yakumanja ndi manja awiri, n'kuipindira m'kati. Anachita chimodzimodzi kumanzere. Penti anasweka pang'ono popindikapo. Mthuthuthu unatuluka pakhomo mosavuta konse, ndipo ali panja anawongolanso mahandulo aja ndi bondo.

Anandinyamula n'kundikhazika pachishalo. Anandikankha kutsika njira ya kumjigo, akuliza injini ndi pakamwa, ana onse akuthamanga pambuyo pathu m'fumbi. Masipuling'i ankalira, mphepo inkandiomba kumaso, ndipo ndinaiwala manyazi onse aja. Titafika pamjigo ndinati tibwerere, koma iwo anapitirira mpaka kudambo, kenako kuzungulira kusukulu, thukuta lili kamukamu. Sanafune kuima. Tinafika kunyumba dzuwa litapendeka, mawu awo atasasa.

M'mawa mwake bambo anamanga bulangete lawo pakaliyala ya njinga yawo. Pulayasi yawo yopindira mawaya anandipatsa ine, ati ndiziwasungira. Ndinawafunsa ngati abwere ndi nzimbe, iwo anati nzimbe zake ndikazipeza komweko. Amayi anali kumunda kuyambira mbandakucha. Mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo, fungo la dothi lonyowa n'kuthamangitsa fungo la penti m'nyumba. Ine ndinkakhala pa mthuthuthu wanga pakhonde madzulo alionse nditayang'ana njira ya ku Lirangwe, mpaka chimanga chinafika m'chiuno, ndipo pamenepo ndinasiya kufunsa.

Bambo sanatayike. Patchuthi ndinkapita kwa agogo n'kuwapeza akukonza njinga za anthu pamsika, ndipo nzimbe ndinkazipezadi. Koma sanapangenso chinthu chachikulu ngati chija. Mthuthuthu unakhala nafe zaka zambiri, ana a amalume omwe anaukwera, mpaka dzimbiri linaudya. Mahandulo ake sanawongoke bwinobwino, panatsala kamfundo mbali zonse ziwiri pamene anapindapo.

Kwa nthawi yaitali nkhaniyi ndinkaikamba moseka, kuti bambo anga anapanga njinga yokongola n'kuiwala kuyeza khomo. Ndinali mayi wa ana awiri pamene ndinaima pakhomo la nyumba yanga ndi ulusi m'manja, ndikuyeza ngati kabati ingalowe, ndipo ndinapezeka nditatulutsa lilime pambali pa mlomo. Apo ndi pamene ndinakumbukira kuti nyumba ya kwa Kuntaja ija anaimanga ndi bambo, ndipo felemu ya khomolo anaikhoma okha. Munthu amene ankayeza sipoko kawiri sakanaphonya khomo lakelake. Amayinso ankadziwa zimenezo, ndipo ndikhulupirira kuti anayankhula chifukwa sakanapirira kuona mwamuna amene anamukondapo akumugumulira khomo ndi hamala anthu akuonerera. Ndili mwana ndinalira chifukwa mthuthuthu unakana kutuluka, ndipo ndinasangalala utatuluka. Lero ndikanakonda ukanakhala m'nyumbamo kufikira mvula itatha.