Alamu anga amalila m'Chifalansa

Alamu anga a Zgambo ndi aja amajambula pamakoma a magolosale kuno ku Lundazi. Akuphunzila Chifalansa kwa mayi wina wa ku Congo chifukwa akufuna kukaonetsa ntchito yawo ku Lubumbashi. Ine ndimawapelekeza pongofuna nkhani, sindibisa.

Mwezi watha anajambula mtsikana woonda atasenza dengu la nshawa. Anthu a pamsika anayamba kuloza amene akufanana naye. Mlongo wanga NyaMtonga, amene ndi mkazi wawo, anafunsa kuti, "Ndani ameneyu?"

Iwo anati, "Ni chithunzi chabe."

Mlongo wanga analongedza zake, ulendo kwa amayi ku Kapichila.

Ndiye Lachiwili mphunzitsi anati aliyense afotokoze chimene anapanga ndi mmene mtima wake unalili pochipanga. Alamu anaimilila. M'Chifalansa chothyokathyoka anati mtsikanayo ndi mkazi wawo, mmene anamuonela koyamba panjila ya ku Magodi. Anati "je suis triste," kutanthauza kuti ali ndi chisoni, ndipo tulo sakuliona. Misozi mbwee. Munthu amene pamalilo a bambo ake ankangolamula anyamata za nkhuni.

Ndinaseka, koma chifundo chinandigwilanso.

Kodi si mmene tilili amuna a kuno? Ukafunsa munthu kuti "Muli uli?" amayankha "Nili makola," kuti ali bwino, chonsecho fodya yense wamuwolela m'chigafa. Chikondi timachionetsa pomata tayala la njinga ya mkazi. Akafuna mawu, timayamba kukamba za mvula. Chifalansa alamu chinawamasula chifukwa palibe wachibale amene akanachimva. Anangoiwala kuti ine ndakhala kumbuyo kwawo.

Loweluka ndinawakokela ku Kapichila. Mwana wosalila amafela pamsana, ndinawauza tili panjila. Titafika anavula chipewa, nkuyamba Chifalansa chawo, dzanja lili pachifuwa.

Mlongo wanga anawasiya mpaka anamaliza. Kenako anati, "A Zgambo, madzi osamba mumandipempha m'Chitumbuka. Izinso mukambe m'Chitumbuka."

Thukuta kamukamu. Anafunsa za nkhuku. Anafunsa ngati mwendo wa apongozi wayamba kupola. Pomaliza, maso ali pansi, ananong'ona kuti wa pakhomayo ndi iyeyo, ndipo m'nyumba simukukhalika.

Iye anati wamva, koma pamsika anasekedwa masana anthu akuona. Ndiye abwelenso Lamlungu adzanene mokweza, amayi ndi azakhali atakhala pamphasa.

Mpaka lelo mlongo wanga sanabwelele kunyumba kwake. Alamu akuyeseza Chitumbuka, chilankhulo chimene anayamwa, ndipo akuti ndi chovuta kuposa Chifalansa.

Inu bambo amene mukuseka mukuwelenga izi, akazi anu atakufunsani lelo chimene mumamva mukawaona, mungawayankhe m'chilankhulo chiti?