A Supa ndi Kagalimoto Kawo Kophunzitsira

Achimwene anga aliyense ankawatchula kuti a Supa, mpaka ana a m'nyumba zoyandikana nawo ankayesa kuti ndi dzina lawo lobadwa nalo. Anawapatsa dzinali ndi anyamata a pamalo omwetsera mafuta, chifukwa akangoima pa pampu ankatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Supa, mwanawe, supa! Winayo ndi madzi."

Supa ndi petulo wodula uja, amene pampu yake imakhala payokha kumapeto. Achimwene anamuzolowera ali dalaivala wa mkulu wa kampani ina yogulitsa zitsulo. Galimoto ya bwanayo inali yaikulu, yakuda, ya injini yamphamvu, ndipo pachivindikiro cha thanki panalembedwa kuti isamwe petulo wamba. Tsiku lina ali paulendo supa anasowa, iwo n'kuthira wamba. Pokwera chitunda injini inayamba kugogoda ngati muli munthu ndi nyundo m'katimo. Bwanayo anawanyoza koopsa, mkazi wake ndi ana ake ali pampando wakumbuyo akumva. Kuyambira tsiku limenelo achimwene analumbira kuti galimoto iliyonse imene adzaigwire chiwongolero sidzalawanso petulo wamba.

Kampaniyo itatsekedwa, anatenga zimene anawapatsa powachotsa ntchito n'kugula kagalimoto kakale koyera. Anaikitsa buleki ndi kilatchi zina kumbali yokhala mphunzitsi, anamangirira chikwangwani padenga, n'kuyamba kuphunzitsa anthu kuyendetsa. Ine ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina, ndipo msewu umene ankaphunzitsirapo umadutsa pomwepo. Ndinkawaona tsiku ndi tsiku, kagalimoto kakudumphadumpha ngati chule, wophunzira thukuta lili kamukamu, iwo atapinda manja phee. Sankakalipira munthu. Ankangoti, "Kilatchi ndi dzira, mayi. Lisiyeni pang'onopang'ono, lingasweke." Anthu amantha, makamaka azimayi achikulire amene amuna awo analephera kuwaphunzitsa, ankawakonda kwambiri.

Amene sankasangalala anali alamu anga, akazi awo. Ankati, "Galimoto ikudya ngati bwana, eni akefe tikudya ngati alendo osaitanidwa."

"Simukudziwa inu, mayi a mwana," ankayankha achimwene. "Supa amachedwa kutha, ndiponso amatsuka injini m'kati. Chotchipa chimadula pambuyo pake."

Patapita zaka, kagalimoto kaja kanayamba kutulutsa utsi wabuluu, ndipo oyilo ankatha ngati kuti wina akumuba. Anapita nako kwa makanika, mnzawo wa paubwana, amene ali ndi galaja ya malata kuseri kwa msika. Tsiku limenelo ndinali nawo, chifukwa anandinyamulirako makina anga osokera amene anafunika kuwotcherera mwendo. Makanika anamvetsera injini, anapaka chala kupaipi ya utsi, n'kuwaonetsa mwaye wonyowa.

"Maringi a m'kati mwa injini atha, mnzanga. Oyilo akulowa momwe muyenera kupsa petulo. Injiniyi ikufunika kuitsitsa n'kuikonza yonse."

"Zosatheka," anatero achimwene. "Chigulireni sikanalaweko wamba."

Makanika anapukuta manja n'kukhala pa tayala. "Ndakhala ndikukuuza. Supa si mankhwala ayi. Kusiyana kwake n'kwakuti iye amapirira akapanikizidwa kwambiri, sayaka nthawi isanakwane. Injini ya bwana wako ija inkapanikiza mwamphamvu, n'chifukwa chake wamba ankaigogodetsa. Kako aka n'kofatsa, sikapanikiza motero. Ukathire supa, ukathire wamba, kayenda chimodzimodzi, kamwanso chimodzimodzi. Zili ngati kugulira agogo opanda mano mswachi wodula."

Anyamata a pagalaja anaseka. Achimwene sanaseke. Anafunsa mtengo wotsitsira injini, ndipo atamva anangovala chipewa chawo n'kundiuza kuti tizipita. M'njira monse ankanena kuti amakanika onse ndi amodzi, amafuna galimoto izidwala kuti iwo azidya. Koma ine ndinaona kuti mawuwo ankangowatulutsa pakamwa chabe. Zoona zake n'zakuti ndalama zotsitsira injini analibe. Supa yekha ndiye ankamukwanitsa, malita awiri lero, atatu mawa, ndipo akathira ankamva ngati achitapo kanthu.

Kenako pampu ya supa inawonongeka, ndipo inakhala yokutidwa ndi thumba kwa nthawi ndithu. Kwina komwe kunali supa kunali kutali, moti akanatha mafuta pongopita kukawagula. Anathira wamba, mtima uli m'mwamba, khutu lili ku injini. Sinagogode. Chitunda cha kuchipatala kanakwera monga mwa masiku onse, mokhosomola koma kanakwera. Kasingano ka mafuta kankatsika ngati kale.

Masana ena anabwera pakhonde langa n'kukhala pa benchi ya makasitomala. Anayang'ana phazi langa likupalasa makina.

"Chemwali," anatero motsitsa mawu, "palibe kusiyana."

"Kusiyana kwa chiyani, achimwene?"

"Petulo uja. Ndayesa kumvetsera, ndayesa kuyang'ana. Palibe. Zaka zonsezi." Anapukusa mutu. "Alamu ako usawauze."

Ndinawauza kuti madzi akatayika sawoleka, koma kutsogoloku azingothira wamba, zotsalazo azisunga pang'onopang'ono mpaka zikwane za injini. Anavomera ndi mutu, ndipo ndinakhulupirira kuti zatheka.

Pampu ija itakonzedwa, analowa pamalopo ali ndi wophunzira pambali. Anyamata aja atangoona chikwangwani anayamba kuimba m'manja. "A Supa afika! Wanu uja wabwera, bwana! Mwavutika mokwanira ndi madzi!" Mmodzi anali atagwira kale paipi ya supa n'kutsekula thanki. Wophunzirayo anali atamva kale kangapo konse kuchokera kwa iwo omwe kuti wamba amapha galimoto. Achimwene anandiuza pambuyo pake kuti anachita manyazi kunena kuti akufuna wamba. Kunalibenso malo ena m'tauni monse kumene munthu ankawatchula kuti bwana. Anangoti, "Thira." Ndipo anapitiriza choncho.

Nthawi imeneyo n'kuti kutatsekulidwa sukulu zina zophunzitsa kuyendetsa, za magalimoto atsopano osintha okha magiya. Achinyamata onse anathamangira kumeneko. Kwa achimwene kunatsala anthu ochepa, ndipo mmodzi wa iwo anali mayi wina wamasiye, wogwira ntchito yolongedza buledi pabekale. Abwana ake anamulonjeza kuti akapeza layisensi amupatsa galimoto yoperekera buledi m'masitolo, chifukwa dalaivala wawo ankapuma ntchito kumapeto kwa mwezi. Mayiyu anaphunzira ndi mtima wonse, ndipo achimwene ankamunyadira.

Tsiku la mayeso achimwene analawirira kutsuka kagalimoto, anawonjezera oyilo, n'kuthira supa wochuluka kuposa masiku onse. Woyesa analowa, mayi uja n'kunyamuka bwinobwino, achimwene ataima pageti la ofesi ya oyesa akuyang'ana. Mayiyo anabwerera cham'mbuyo osagunda kanthu, anakhota moyenera. Atafika pakati pa chitunda, pamene woyesa anamuuza kuti aime kenako anyamukenso, injini inalira mokweza, utsi unadzaza msewu wonse, ndipo inazima. Sinalirenso. Woyesa anatuluka akutsokomola, anakwera njinga yamoto n'kubwerera ku ofesi. Anati mayeso sanathe, mayiyo adzalembetsenso, ndipo mzera wake unali wautali. Ntchito ya buledi ija anapatsa wina.

Mayiyo sanawatukwane achimwene. Anangoti, "Aphunzitsi, mukanandiuza kuti galimoto ikudwala, ndikanabwereka ina." Achimwene akuti bola akanawamenya mbama.

Makanika anakakoka kagalimoto ndi chingwe. Atatsekula anapeza kuti injini yagwirana, zitsulo zapsa, ndipo kukonza kunaposa mtengo wa galimoto yonse. Anakakasiya kuseri kwa nyumba ya achimwene, pomwe kanakhala mpaka matayala anaphwa. Nkhani ya mayi uja inamveka ponseponse, moti ngakhale akanabwereka galimoto ina, panalibenso wobwera kudzaphunzira. Alamu anapita kwa mwana wawo wamkazi kutauni ina kuti akathandize kulera khanda. Anati akakhala mwezi umodzi. Khandalo pano likuyenda.

Ogula zitsulo zakutha anabwera n'kukaphwasula pomwepo, achimwene ali m'nyumba atatseka chitseko. Zitatha izi achimwene anayamba kufunafuna ntchito ya udalaivala. Kulikonse ankayang'ana imvi zawo n'kuwauza kuti adzawaimbira. Kampani ina inawayesa maso, ndipo zilembo za m'munsi sanathe kuziwerenga. Nyumba ija anaisiya, pano akukhala m'kachipinda kamodzi kuseri kwa malo ocheka matabwa.

Ntchito imene anapeza ndi yaulonda pageti la nyumba yosungiramo katundu. Amakhala m'kanyumba ka malata kotentha ngati uvuni, atavala yunifolomu yowakulira, n'kumatsekulira malole. Madalaivala ake ndi ana aang'ono, ndipo amawaimbira hutala akachedwa kudzuka pampando.

Ndinapitako posachedwapa kukawapatsira chakudya chamasana. Aonda, ndipo chifuwa sichikuwasiya. Anadya pang'ono n'kuvindikira mbale. Ndinawauza kuti abwere azidzakhala kwathu, koma anakana, akuti nyumba yanga njodzaza kale ndi ana.

"Alamu ako anakuimbirako?" anandifunsa.

"Ayi, achimwene."

"Inenso ayi."

Lole inaimba hutala panja. Anadzuka pang'onopang'ono atagwira bondo, n'kupita kukakoka geti.