Kapepala Koyang'ana Kukhoma

Amalume anga, achimwene awo a mayi, anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi pa fakitale yopanga mipando ndi zitseko. Anzawo ankawatchula kuti a Sikweya, chifukwa chitsulo choyezera ngodya sichinkachoka m'thumba la ovolosi yawo. Anali munthu wosalankhulalankhula. Sukulu analekezera panjira, koma ankalemba bwino, timalemba ting'onoting'ono ta pensulo, monga ankalembera miyeso m'mphepete mwa thabwa. Zambiri zimene ndikufotokoza pano sindinazione ndi maso. Zina anandiuza okha, zina ndinamva kwa mayi wina amene amasesa pafakitalepo.

Ntchito yawo inali pa makina ochekera matabwa. Kwa miyezi inayi batani lofiira lozimitsira makinawo linkavuta: ukalidina, mpeni unkazungulirabe mpaka utalidinanso kawiri kapena katatu. Amalume sanauze kapitawo. Chaka cham'mbuyo mnzawo wopaka vanishi anadandaula za fungo limene linkamubanikitsa pachifuwa, ndipo mwezi usanathe anamuuza kuti ntchito yachepa, azikapuma kunyumba. Amalume anali atatsala ndi zaka ziwiri zokha kuti apume mwaulemu, ndiye ankaopa.

Tsiku lina mabwana anaitana mayi wina wophunzitsa kuti adzachititse wekishopu ya chitetezo pantchito. Anakankhira matebulo kumbali m'chipinda chodyera, ndipo mayiyo anagawira aliyense timapepala tachikasu tomata, pamodzi ndi cholembera chonenepa cha inki yakuda.

"Kapepala kamodzi, vuto limodzi," anatero mayiyo. "Malemba akuluakulu, kuti wakumbuyo awerenge. Dzina ayi. Izi n'zachinsinsi, palibe adziwe kuti walemba ndani."

"Nanga vuto likakhala apongozi, tilembe?" anafunsa woyendetsa lole.

"Amenewo sangakwane pakapepala, achimwene. Tengani chitseko chonse," anayankha wina, anthu n'kufa nazo.

Pa zonse zimene mayiyo ananena, amalume anagwira mawu amodzi: chinsinsi. Kapitawo anali atakhala pakhomo ndi kapu ya tiyi, maso ali pakhoma pamene anthu ankamata timapepala tawo, ndipo malemba a amalume ankawadziwa kuposa ake omwe. Choncho amalume anasiya cholembera chonenepa chija, n'kusolola pensulo yawo kukhutu. Anatembenuza kapepalako n'kulemba kumbuyo, kumene kuli guluu: "Batani lofiira la makina ochekera silikuzimitsa. Lidzapha munthu." Atakamata, mawu anayang'ana kukhoma, kumaso kunali kopanda kanthu. Iwo ankaganiza kuti mayiyo adzamatula kalikonse n'kukawerenga payekha. Chinsinsi kwa iwo chinkatanthauza zimenezo.

Mayiyo anayamba kusonkhanitsa timapepala tofanana malo amodzi. Ta nsapato zachitetezo tinakwana khumi ndi kamodzi. Ta chimbudzi tinali tisanu ndi tiwiri. Ena analemba za tiyi wopanda mkaka. Kenako anafika pa kapepala kopanda kanthu kaja, n'kukaloza ndi chala osakakhudza.

"Apa tili ndi munthu wodala. Alibe vuto ngakhale limodzi!"

"Ameneyo ndi bwana!" anakuwa woyendetsa lole uja.

Onse anaseka, kapitawo yemwe. Amalume anandiuza kuti anakweza dzanja kufika paphewa, koma ataona kuti kapitawo wawacheukira, anangokanda khutu. Mayiyo anajambula khomalo ndi foni, anthu n'kuomba m'manja.

Nsapato zatsopano zinabweradi. Patapita milungu itatu, m'mawa wina thabwa linakakamira m'makina. Amalume anadina batani. Makina ena ankasokosera pafupi, ndipo iwo sanamve kuti mpeni ukuzungulirabe. Atapisa dzanja kuti achotse thabwalo, anataya zala zitatu za dzanja lamanja.

Mayi wosesa uja ndi amene anamatula timapepala tsiku la wekishopu anthu atachoka. Anaona malemba a pensulo, anawazindikira, koma sanadziwe woti amupatse, ndiye anangokasunga m'thumba la epuloni. Ngozi itachitika anathamanga nako ku ofesi, akuganiza kuti kawathandiza amalume, poti kakusonyeza kuti ananena.

Amalume atatuluka m'chipatala, bwana woyang'anira antchito anawaitana. Kapepala kaja kanali patebulo.

"Madala, malemba awa ndi anu?"

"Ndi anga, bwana."

"Ndiye kuti munkadziwa kuti batani silikugwira."

"Ndinalemba, bwana."

"Munalembera ndani? Khoma?" Bwanayo anawatembenuzira kompyuta. "Chithunzi cha tsikulo ndi ichi. Ndilozereni pamene pali mawu anu."

Amalume anayang'ana. Kapepala kawo kanalipo, cha kumunsi kumanzere, kachikasu, kopanda lemba ngakhale limodzi.

"Munadziwa, munakhala chete, n'kumayatsabe makina tsiku ndi tsiku. Akanavulala mnzanu bwanji?"

Kalata yowachotsa ntchito inanena kuti anabisa vuto limene ankalidziwa. Anasaina ndi dzanja lamanzere, ndipo bwanayo anachita kuwagwirira pepala kuti lisaterereke.

Masiku ano amakhala pakhonde, kunolera anthu mipeni ndi masizasi, chonolera atachipanikiza ndi mawondo. Za fakitale safuna kuzikamba. Mayi wosesa uja anabwera kamodzi, ine ndilipo. Anagwada pansi pa masitepe, misozi ili chuchuchu.

"Bambo, ndakulakwirani. Ndikanangokataya kapepala kaja, bwenzi ntchito muli nayo."

Amalume anasiya mpeni umene ankanola.

"Dzukani, mayi, mudetsa chitenje. Munali anthu makumi anayi m'chipinda muja. Amene munawerenga ndi inu nokha."