Amene Ananyamula Jeneza

Anagogoda Lachitatu m'mawa, mwezi wa Okutobala, dzuwa litayamba kale kuwotcha malata. Ndinali m'kachipinda kanga kogwirira ntchito ku Biwi, mahedifoni ali kukhutu, ndikulumikiza vidiyo ya chinkhoswe cha anthu ena a ku Area 23. Mkazi wanga ndiye anatsegula. Analowa amuna awiri ovala zovala wamba, aulemu ndithu, mpaka mmodzi anayamba wapukuta nsapato pakhomo.

"Ndinu abambo ojambula aja?"

"Ndine."

"Tatengani kamera ndi laputopu, tikacheze pang'ono ku ofesi. Simuchedwa, madala."

Mkazi wanga anawafunsa ngati andisungire tiyi. Iwo anati asunge.

Ntchito yojambula ndinaiyamba ndili mnyamata, m'situdiyo ina ku Kawale, nthawi imene zithunzi tinkatsukira m'chipinda chamdima, zala zikununkha mankhwala. Kenako kunabwera vidiyo. Ndajambula maukwati, zinkhoswe, makwaya, anyamata oimba atakwera pa matayala akutha, mpaka ndinafika pogwira kamera m'sewero lina la pa TV limene anthu ankalikonda. Ndale sindinkadziwa ngakhale khomo lake. Chuma changa chinali chimodzi: nkhope ndikaiona kamodzi m'kamera sindiiwala, ndi dzina lomwe. Kuyambira Kawale mpaka Chinsapo ndinkadziwa kuti uyu anakwatira kwa auje, uyo ndi mlamu wa uje, ndipo ndinkanyada nazo.

Chimene anandiitanira ndi ichi. Sabata ya m'mbuyo mwake ku Chinsapo kunamwalira bambo wina wachisilamu, wochokera ku Mangochi, amene ankagulitsa nsapato za kaunjika m'mbali mwa msewu. Tsiku lina kunafika galimoto yothamangitsa mavenda. Pothawa ndi thumba lake bamboyo anagwera m'ngalande, ndipo anakamwalirira kuchipatala. Ine sindinalipo, ndangonena zimene anthu onse ankanena. Mwana wake wamwamuna anali ku Joni, ndipo poti Asilamu sachedwetsa maliro, panalibe zoti angafike. Anandiimbira foni akulira.

"Ankolo, ndijambulireniko bambo anga akupita. Ndingowaona ndi maso basi."

Ashehe analola, koma anati ndisajambule amayi, ndisajambulenso m'manda momwe akuika. Ndinavomera.

Ine ndine Mkhristu, ndinazolowera bokosi lokwezedwa pa lole, kwaya ikuimba pambuyo. Kwa anzathuwa n'zosiyana. Mtembo amauika m'jeneza, chonyamulira chophimbidwa ndi nsalu, ndipo palibe anthu osankhidwa oti anyamule. Mwamuna aliyense amalowetsa phewa, kuyenda nalo pang'ono, n'kupatsira mnzake, iye n'kuthamangira kutsogolo kukadikiranso. Ngakhale munthu wongodutsa, akakumana nalo amatula katundu wake n'kunyamulako. Jeneza limayenda mofulumira pamwamba pa mapewa, moti wojambula umachita kuthamanga chafutambuyo. Amayi amatsala kunyumba, kumanda safika.

Titafika pamsewu, pamalo pamene malemu ankayala nsapato zawo, jeneza linaima. Palibe amene analamula, kapena ngati analipo ine sindinamumve. Magalimoto anaima, anthu anakweza manja n'kupemphera. Kumbuyo kwenikweni, kumene kamera yanga sinaloze, wina anagenda galimoto ndipo galasi linasweka. Kenako ulendo unapitirira. Madzulo omwewo vidiyo ndinaitumiza ku Joni.

Ku ofesi kuja anandilowetsa m'chipinda chokhala ndi tebulo ndi mipando iwiri. Wondifunsa anali mkulu wina wamagalasi, wolankhula mofatsa ngati mlangizi wa ukwati.

"Abambo, inu tilibe nanu mlandu. Tikufuna amene ananyamula maliro n'kutseka nawo msewu. Mutitchulire mayina, muzipita kwanu."

"Bwana, ananyamula ndi Chinsapo yonse."

Sanaseke. Anatsegula laputopu yanga n'kuika vidiyo ija. Akaimitsa apa, pa jeneza pali amuna awa. Akaisuntha pang'ono, pali ena. Akabwerera m'mbuyo, enanso. Ndinaona mtsempha wa pachipumi pake ukutukuka. Pomaliza anaimitsa pamsewu paja n'kuloza ndi cholembera.

"Uyu ndani?"

"Sindikumudziwa."

Linali bodza. Anali kalipentala amene ndinajambula ukwati wake mvula ikugwa, mpaka ndinafunditsa kamera jekete langa. Wotsatira anali telala wa pakhonde la golosale. Winayo anali wakabaza amene amandinyamula ndi zitsulo zanga popanda kudandaula. Onse ndinawakana mmodzimmodzi.

"Paja amati inu simuiwala nkhope," anatero mkuluyo akupukuta magalasi. "Chabwino. Mukhala nafe mpaka mukumbukire."

Madzulo anabwera amuna ena awiri. Amenewo sanafunse zambiri. Kuchokera tsiku limenelo khutu langa lamanzere silimva bwino, moti mahedifoni ndimavala mbali imodzi.

Anandivula lamba ndi nsapato n'kundikankhira m'chitokosi. Munali modzaza. Tinkagona chammbali, ndipo wina akafuna kutembenuka tinkatembenuka tonse. Ndowa inali pakona, ndipo mlendo malo ake ndi pafupi ndi ndowayo. Pamwamba panali kawindo kotchingidwa ndi waya. M'mawa kuwala kunkagwera pakhoma la kumadzulo, kofewa bwino, ndipo ndinkadzipeza ndikuganiza kuti nkhope ya uyu ikanaoneka bwino akanasendera pang'ono. Ntchito ikakulowa m'magazi sikusiya, ngakhale uli pafupi ndi ndowa.

Chinandipulumutsa ndi sewero la pa TV lija. Wina atamva kuti ndine ndimalijambula, chitokosi chonse chinanditembenukira.

"Madala, inu ndi amene mumajambula zija? Ndiye tatiuzani, mayi wakuba mwamuna wa mnzake uja amugwira liti?"

Ndinati zimenezo n'zachinsinsi cha ntchito. Anandisuntha kuchoka pa ndowa kupita pafupi ndi chitseko, pamene pamalowa kamphepo, chinsinsi chija n'kuthera pomwepo. Tsiku lililonse ndinkawafotokozera gawo limodzi, ndikusintha mawu, pena mayi uja, pena apongozi ake. Magawo ojambulidwa atatha ndinayamba kupeka anga. Amuna amene anamangidwa chifukwa cha ndewu ndi kuba mafoni ankakangana mpaka kutukwanana pa nkhani yoti mkazi wa m'seweromo akhululuke kapena ayi. Ndinaseka m'malo amene sindinkaganiza kuti munthu angasekemo.

Koma m'mawa uliwonse ankanditenga kubwerera ku tebulo lija. Vidiyo yomweyo, cholembera chomwecho, funso lomwelo.

Loweruka mkazi wanga analoledwa kundiona. Anabweretsa mpunga ndi nyemba m'kontena, mlonda n'kuvundula ndi supuni kufuna kuona ngati muli kanthu. Anandiuza kuti eni chinkhoswe abwera kawiri, kuti ku sewero aika kale munthu wina pa kamera, ndiponso kuti mwana wathu wamng'ono amuuza kuti ndapita kukajambula ku Kasungu. Kenako anatsitsa mawu.

"Wamagalasi uja wandituma. Akuti mutchule awiri okha, mawa mugona kwanu."

"Ndiye inu mukuti bwanji, mayi a ana?"

"Ine ndabweretsa chakudya basi." Anamanga kontena m'chitenje. "Kungoti mukatchula, msika wa ku Chinsapo ndizikaulowa ndi nkhope iti?"

Ndisaname, awiriwo ndinawasankha. Ndili chigonere pa simenti, nsikidzi zikundiyenda m'khosi, ndinayang'ana nkhope zonse zija m'mutu mwanga n'kupatula anyamata awiri osakwatira. Ndinadziuza kuti alibe ana, ndi amphamvu, apirira. Ndinakwiyira mwana wa ku Joni uja, ndinakwiyira ashehe, ndinakwiyira ngakhale malemu amene. Ndinali nditatopa, ndipo ndinkaopa amuna a madzulo aja.

Lolemba m'mawa mlonda wina wamtali, wosalankhulalankhula, ananditulutsa kuti ndikataye ndowa. Tili ku mpopi anayang'ana uku ndi uku.

"Abambo, vidiyo ija munaionetsetsa?"

Ndinali nditamuzindikira tsiku loyamba lomwe. M'vidiyomo anavala mkanjo woyera ndi kachipewa, phewa lili pansi pa jeneza, pamsewu pomwe paja. Wamagalasi anamudutsa kangapo ndi cholembera osamuzindikira, poti munthu akavula yunifolomu amakhala wina.

"Ndinali pa ofu," ananong'ona. "Ndinangokumana nalo panjira. Ndiye jeneza sungalidutse ngati ukudutsa ngolo. Malemuwo sindinkawadziwa n'komwe."

Anayang'ananso kumbuyo. Munthu wonditsekera chitseko tsiku lililonse ankandiopa ine, wopanda nsapato, nditanyamula ndowa ya zonyansa.

"Bwana," ndinatero, "ine ndinajambula mapewa."

Anandisiya ndisambe nthawi yaitali tsiku limenelo. Madzi akutsika m'mutu ndinadzifunsa kuti anyamata anga awiri aja analakwa chiyani chimene mlondayu sanachite. Onse anakumana ndi maliro n'kupereka phewa, monga anawaphunzitsira makolo awo. Maliro n'kulirana, timatero tonse, Akhristu ndi Asilamu omwe. Atanditengera ku tebulo ndinauza wamagalasi kuti asamavutike n'kuimitsa vidiyo, palibe amene ndidzamukumbukire. Zimene zinatsatira madzulo ake zinali ngati za tsiku loyamba, koma sizinandiwawe chimodzimodzi.

Kunja anthu sanagone. Anzanga ojambula, amene timalimbirana maukwati mpaka kunenana miseche, anasonkhana n'kupeza loya, mayi wamng'ono thupi koma wapakamwa pakuthwa. Amuna a ku mzikiti ankabwera kudzakhala panja pa mpanda, osanena kanthu, kungokhala. Anthu a kumpingo kwathu ankabweretsa chakudya chochuluka moti chitokosi chonse chinkadya. Loyayo anakakamira mpaka ananditengera kukhoti, ndipo kumeneko anafunsa kuti mlandu wanga weniweni ndi uti. Woimira boma anasanthula mapepala ake n'kupempha nthawi. Woweruza anandipatsa belo.

Linali Lachisanu, mu Novembala, mvula yoyamba itagwa m'mawa mwake. Pondibwezera katundu, wamagalasi anandipatsa kamera yopanda kakhadi kake, ndi laputopu yofufutidwa zonse, chinkhoswe cha eni ake chomwe.

"Mlandu suola, abambo," anatero.

"Zikomo bwana," ndinayankha. Mlanduwo sanauitanenso mpaka lero.

Panja fungo la dothi lonyowa linandilowa mpaka m'chifuwa. Ndinakana minibasi, ndinayenda wapansi ndi mkazi wanga, lamba ali m'manja chifukwa ndinaiwala kumanga.

Ndinkaganiza kuti ufulu ndi chitseko chotseguka, koma ndinatuluka ndi chitokosi china m'kamwa. Ine amene ndinkaitana munthu ndi dzina ali kutsidya kwa msewu, ndinayamba kungoti "madala", "achimwene", "aise". Dzina likafika palilime ndinkayamba ndayang'ana kumbuyo. Ntchito inabwerera pang'onopang'ono. Eni chinkhoswe anandikhululukira, mpaka anavalanso zovala zawo kuti ndiwajambule kachiwiri, ndipo ku sewero anandiitananso. Koma lilime linakhalabe lomangika.

Chakumapeto kwa Disembala kunabwera uthenga woti amayi amasiye a ku Chinsapo akundifuna. Anali akadali m'masiku awo okhala m'nyumba, monga mwa chipembedzo chawo. Ndinawapeza atakhala pamkeka, atafunda nsalu kumutu, achemwali awo ali pambali. Ine anandiikira mpando pakhomo.

"Bambo, ndamva zimene munakumana nazo chifukwa cha ife. Mawu ndilibe." Anapukuta m'maso. "Koma ndili ndi pempho. Amuna anga anatuluka pakhomo pano, ine ndinatsala m'nyumba. Sindinaone mmene anayendera. Mwana akuti inu muli nazo."

Ndinalibe, zonse anafufuta. Koma mwana wa ku Joni uja anali atasunga yake, ndipo ananditumiziranso pa foni pomwepo. Ndinaika laputopu pampando, n'kuitembenuzira kwa iwo.

Anaonera mpaka jeneza linatuluka pampanda. Kenako anasendera pafupi, n'kuloza ndi chala.

"Taimitsani."

Zoimitsa vidiyo n'kuloza nkhope ndinali nditaziona kokwanira pa tebulo lija. Ndinaimitsa. Amayiwo anatchula dzina la kalipentala uja, lonse lathunthu, ndi la bambo ake. "Mulungu amusunge, iye ndi ana ake." Anati ndipitirize. Anatchula telala. Anatchula wakabaza. Anatchula anyamata anga awiri aja, n'kunena kuti mmodzi anamulera iwo eni, pamene mayi ake anali kuchipatala. Dzina lililonse linkatuluka ndi dalitso, achemwali awo akuvomera kuti amina. Mayina omwewo amene ndinawaluma ndi mano pa tebulo lija ankamveka m'nyumba monse, chitseko chili chotsegula, ana akusewera panja, ndipo palibe amene akanamangidwa nawo. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti ndatulukadi. Ufulu umene ndikuudziwa ine ndi umenewo: kutchula munthu dzina mokweza, iye osavulala nalo. Ndinalira ngati mwana, osabisa nkhope.

Chakumapeto, pafupi ndi manda, panali mwamuna wina amene kamera inamugwira chammbali, dzuwa lili kumbuyo kwake. Amayiwo anasuzumira, anapendeketsa mutu, koma anakanika.

"Uyu nkhope yandibisikira. Bambo, paja inu mumadziwa anthu. Ameneyu ndani?"

Ndinawauza dzina lake lonse, mokweza.