Sakhuta Akufuna Kukwatira ku Kabwata

Loweruka lapitali ndinavala jekete langa la maukwati ndi maliro, n'kunyamula mbale yovundikira, ulendo wa ku Kabwata, konkuno ku Lusaka, kukafunsira mbeta. Musathamangire kukauza mayi a kunyumba, mbetayo si yanga. Ananditumayo ndi Wedisoni, mnyamata amene timagwira naye ntchito ku Longacres. Anaona mtsikana dzina lake Misozi, ndipo poti makolo ake ali kutali ku Katete, unkhoswe unagwera ine.

Wedisoni ndi wofatsa, samwa, ndipo amaimba kwaya ku Chelstone. Vuto lake ndi limodzi basi. Lachinayi lililonse madzulo amaoneka pa tivi m'sewero lija simuliphonya, ndipo Sakhuta ndi iyeyo. Eya, Sakhuta yemweyo amene mkulu wake atamwalira anabwera ndi lole anthu asanabalalike n'komwe pamaliro, n'kukweza mipando, filiji ndi bedi, kusiya mlamu wake ndi ana pasimenti. Sabata yathayi anafika pomulanda mayiyo makina osokera, uku akuimba mluzu.

Chiyambireni sewerolo mnyamatayu sakumwa madzi. Amayi ena pamsika anakana kumugulitsa tomato. Pamzere wa mafuta ophikira mtauni anamubweza kumbuyo, ati akuba amagula pomalizira. Kondakitala wina anamutsekera khomo la basi ndi mkono: "Ba Sakhuta, katundu ya mukazi wamasiye siikwela muno!" M'manja mwa mwana wa eniyo munali nyuzi yokha.

Ku Kabwata ndinapeza amayi awiri. Amake Misozi, amene amuna awo anamwalira, anakhala pamphasa pafupi ndi chitseko. Wolankhula anali a NaJere, azakhali ake a mtsikanayo, mlongo wa malemu. Iwo anachokera ku Woodlands, chibangiri m'mkono ndi duku lalitali.

"Ba Zulu, munyamata wamene akutumani asebenza kuti?"

Ndinayamba bwino ndithu: kalaliki wa boma, wopemphera, wa ulemu. Ndikanathera pomwepo bwenzi zonse zitayenda. Koma pakamwa pa nkhoswe sipakhuta kukometsa.

"Na imwe mumuziba, ba mayo. Amaoneka pa tivi."

"Pa nyuzi?"

"Awe, pa sewelo ya pa Chinayi."

"Ni uja mubusa wabwino?"

Ndinatsokomola. Nditatchula dzinalo, a NaJere anaomba m'manja kamodzi, chibangiri chinalira.

"Sakhuta! Uja anatenga mashini ya mukazi wamasiye uku aliza muluzu? Nyamulani mbale yanu, ba Zulu, mukali na ulemu."

"Ba mayo, ija ni sewelo chabe. Vokamba vonse bamamulembela."

"Nanga maso yaja, nayo bamamulembela? Ine nenze kumuyangana bwino bwino. Muntu sangakwanise so chintu chamene sichili mu magazi. Ninalila ine pa Chinayi, mufunse ba tate ba kunyumba."

Taonani tsoka lake. Akanakhala wosewera wa chabechabe, wonjenjemera ndi kuiwala mawu, bwenzi atapatsidwa mkazi tsiku lomwelo. Akumukana chifukwa ntchito yake amaidziwa.

Pamenepa ndi pamene pali nkhani yanga, abale. Ife a mu Lusaka chifundo chathu chimagwira ntchito Lachinayi. Kunyumba iliyonse ya tivi anthu amadzaza mpaka m'khonde, ana pansi, ochedwa pawindo. Sakhuta akangotulukira, nyumba yonse imakuwa: "Tseka chitseko, mama, abwela!" ngati mayi wa m'galasiyo amva. Mabwana a ku Kabulonga amati saonera za Chinyanja, koma m'mawa mwake mu ofesi mumawamva akufunsa motsitsa mawu kuti kodi filiji ija inabwezedwa.

Nanga Loweruka, tikachoka kumanda? Lole ikaima pakhomo pa mnansi wathu, azilamu n'kuyamba kutulutsa masofa ana akuyang'ana, ndani amakuwa kuti tseka chitseko? Timasuzumira pakatani, kenaka timati, "Za pabanja sitilowerera." Ena timathandiza n'kunyamula komwe, poti wardirobu ndi yolemera. Misozi yathu tinaithera kale pa mayi wa pa tivi, amene akachoka pamenepo amapukuta nkhope n'kukakwera basi ya ku Makeni.

Tibwerere ku Kabwata. Ndinachonderera mpaka kukhosi kunauma, ndipo a NaJere anafewa pang'ono, n'kupereka chigamulo.

"Ngati afuna mwana wa mubale wanga, abweze mashini. Pa tivi pamenepo, Zambia yonse ione. Agwade, apepese. Apo ayi, kulibe chikwati."

Ndinayamba kale kuganiza m'mene ndikamugwadire wolemba sewerolo kuti amutembenuze mtima Sakhuta sabata imodzi yokha. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amake Misozi, amene chifikireni changa anangoti takulandirani, anakonza chitenje chawo n'kulankhula osakweza mawu.

"Ba mulamu, ine iyo sewelo nimatambila pa windo kwa ba neba. Munyamata uja nimamuona. Atenga vintu pa Chinayi, bakazima magesi vibwelela kwa bene bake. Manje imwe ku Woodlands, mutambila pa tivi ya bandani?"

Apa m'pamene maso anga anatseguka. Pawindo panali waya wa eriyo ya tivi ukulendewera, kumapeto kwake kopanda kanthu. Mpando umene ndinakhalira unali wa mtundu wina, wa a NaJere wa mtundu winanso, yonse yooneka kuti yabwerekedwa m'mawa womwewo. Chifundo chinandigwira, komanso, Mulungu andikhululukire, kuseka kunali pakhosi.

"Ija inali ya mubale wanga," anatero a NaJere, duku likugwedezeka. "Ni mwambo uja. Ni vosiyana."

"Na mashini yanga yosokela inali ya mubale wanu? Enze kusoka madilesi?"

Amake Misozi anakwawa pang'ono, natenga mbale ija, naivundukula, naiika pamiyendo pawo. Kwa amene simudziwa, mbale ikavundukulidwa ndiye kuti mawu alandiridwa.

"Ba Zulu, kamuuzeni mupongozi wanga abwele timuone. Koma lole asiye, muno mulibe chinasala."

A NaJere anatuluka osatsanzika, akulumbira kuti paukwatiwo sadzapondapo. Ine ndikuti adzabwera, ndipo adzakhala kutsogolo. Wedisoni nditamuuza anakhala pansi pamasitepe a ofesi n'kulira ngati mwana, anthu odutsa n'kumati, "Yamupeza Sakhuta, Mulungu si munthu."

Ndiye Lachinayi likubwerali kuwani ndithu, tukwanani, lozani galasilo ndi chala, sewerolo analipangira zomwezo. Koma musanayambe, taweramani kaye muone mpando mwakhalirawo. Munaugula sitolo iti?