Mayeso Ofiira Opita kwa a Safiya

"Kodi Hamza, ukamayesa pulogalamu yako, umayesa zimene walemba kapena zimene ukufuna kumva?" Anandifunsa choncho a Safiya, oyandikana nafe nyumba, titakhala pakhonde pawo kuseri kwa mzikiti.

A Safiya ankalemba mapulogalamu a kompyuta ku Lilongwe, koma anabwerera kuno ku Nkhotakota kudzadwazika mayi awo. Ntchito ankaigwirira palaputopu odwalawo akagona masana. Ine nditalemba mayeso a Fomu 4 ndinalibe kolowera, ndiye ndinkangoswera komweko.

Tsikulo ndinawaonetsa kapulogalamu kanga kouza alimi a mpunga a ku Bua tsiku lawo lothirira. Mayeso ake onse oona ngati kakugwira ntchito anali obiriwira pakompyuta, kusonyeza kuti zili bwino. Kungoti m'mayesomo, pamalo pa chigawo chowerengera masiku, ndinaikapo chongoyerekezera chimene chinkangoyankha kuti "Lachiwiri."

Anaseka. "Iwe, zongoyerekezera timaika pa zakunja, monga netiweki, kuti poyesa tisamatumize mauthenga kwa anthu. Zamkati zimene walemba wekha zisiye zigwire ntchito. Zikalakwa uone ndiwe kufiirako, mlimi asanakapeze ngalande youma."

Mayi awo atamwalira, a Safiya anabwerera ku Lilongwe. Pakhonde paja pano amayanikapo chinangwa, koma ndikamadutsa ndimachepetsabe liwiro. Sanandiuzepo kuti ndimatha, ndipo mawu amenewo ndimawafuna mpaka lero.

Chongoyerekezera chija ndachichotsa, ndipo mayeso awiri afiira. Ndatsimikiza mtima kuwatumizira chithunzi chake chili chofiira choncho, ndiwapemphe adzandionerenso ndikakonza.