Chivundikiro cha ba Eneless

Ba Eneless, anansi anga kuno ku Chawama, akhala akukolopa pa koleji ina m'tauni kwa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Sukulu anailekeza giredi seveni kwawo ku Katete, koma akayamba kufotokoza za maganizo a munthu mungati ali ndi digiri. Kalasi ya saikoloje ili pakhonde lomwe amakolopa m'mawa, ndipo mopu yawo imachedwa dala pakhomo pamenepo. Vuto lake n'lakuti ikakwana naini koloko amapita kukatsuka zimbudzi, choncho phunziro lililonse amalidziwa theka loyamba lokha.

Theka limenelo latizunza. Ine anandiuza kuti ndine wamkwiyo chifukwa amayi anandiletsa kuyamwa msanga. Ndinakhala sabata yonse osawalankhula, iwo n'kumauza anthu kuti umboni ndi umenewo.

Koma chimene chinkawadya mumtima ndi amuna awo, ba Fackson, omanga nyumba. Si munthu woipa ayi. Kungoti ana atakula n'kuchoka, anazolowera kuti akaweruka azikhala ku kabala ka mowa ka kuseri kwa mpanda wathu, n'kudyera komweko nyama yootcha. Ba Eneless ankadya okha, ndipo zinkawawawa kwambiri.

Tsiku lina anabwera ndi nkhani ya mzungu amene ankaliza belu popatsa galu chakudya, mpaka galuyo ankadontha dovu akangomva belu.

"Manje ba Fackson ni galu?" ndinafunsa.

"Iwe Inonge, iyi ni sayansi. Nizayesa chabe."

Belu analibe, ndiye anatenga chivundikiro cha poto ndi supuni. Loweruka anaphika nkhuku, ikukwana faifi madzulo anamenya chivundikirocho, ngwe ngwe ngwe. Ba Fackson anabwera kudzaona kuti kwagwanji, anapeza nkhuku, anadya. Mawa lake soseji, anabweranso.

Zimene aphunzitsi ananena naini itadutsa sitikuzidziwa, koma galu wa mzunguyo sankakhala pa yadi ya zitseko zisanu ndi chimodzi. Kuno munthu akakupeza ukudya umamupatsa madzi osamba m'manja, ufune usafune. Pofika sabata yachiwiri, chivundikiro chikalira, ba Kalumba atelala ankakumbuka kuti alibe machesi. Ba landilodi ankabwera kudzaona ngati denga likudontha, mu Okutobala. Inenso sindinama, dovu linkadzaza m'kamwa ndisanaganize n'komwe. Ba Fackson ankafika n'kupeza khosi lokha m'mbale, mipando yonse ili ndi anthu, ndipo posakhalitsa analekeratu kubwera.

"Sayansi yagwila yadi yonse, kuchosako mwine wake," anadandaula ba Eneless. Komabe anapitiriza kumenya tsiku ndi tsiku, poti ofufuza safooka msanga.

Lachitatu lina chivundikiro sichinalire. Tonse tinali m'nyumba zathu, makutu ali tcheru, ndipo ndikuchita manyazi kunena kuti palibe anapita kukagogoda. Patapita mphindi khumi ba Fackson analowa pageti akuthamanga, simenti ili mbuu m'miyendo, mowa atausiya patebulo.

"Eneless ali kuti? Sininamvele chivundikilo."

Anawapeza ali gone, thupi likutentha ndi malungo. Ine ndinalowa pambuyo pawo, ndipo ndinamva zonse.

"Kansi munali kumvela?" anafunsa ba Eneless.

"Masiku yonse. Nikamvela nenze kuziba ati uli bwino, uli na banthu. So nenze kunkala chabe."

Apa m'pamene ba Eneless anazindikira zomwe zinkachitika. Mwezi wathunthu wa nkhuku ndi soseji, akuuza mwamuna wawo kuti akhale ku bala mtima uli m'malo.

Atachira sanamenyenso kanthu. Masiku ano ikakwana faifi pa yadi pamakhala zii, ndipo ba Fackson, poti alibe chowauza kuti mkazi wawo ali bwino, amabwera kudzaona okha. Amadya awiriwiri, chitseko chili chotseka.